Miphika ya a Kaitano

Anthu akabweretsa galimoto zosintha zokha magiya pa galaja yanga pa Bangula, amaseka poona mmene ndimachitira ndi oyilo wakutha. Wofiira uja akada n'kuyamba kununkha chopserera, ndimamukhetsera m'beseni, dontho osagwa pansi, tsiku lomwelo achoke pamalo panga. Amati ndine waukhondo. Ukhondo wa chiyani, taonani malaya angawa! Ndi mantha akumtundu, ndipo anayamba ndi a Kaitano, achimwene awo a agogo anga aamuna.

A Kaitano anali Msena wa kwa Apwitikizi. Anathawa nkhondo ndi akazi awo a Evelesi, n'kufika kwa Mbenje opanda ndi khasu lomwe. Bambo wina wa pamudzipo, a Geresomo, anawapatsa pomanga ndi kadimba. Kobwerera kunalibe, ndiye ankakhala mosamala kuti asaponde munthu chala.

Ntchito anaipeza kwa mzungu wogula thonje, mwini lole yoyamba kuoneka kumeneko. Kuyendetsa ayi, chiwongolero sanachigwirepo mpaka kufa. Yawo inali ya kunsi. Lole ikangofika, chitsulo chikadali chofunda, ankakwawira pansi ndi sipanala n'kumasula bawuti ya bokosi la magiya kuti mafuta akale atuluke. Ankawatikita pakati pa zala. Akamva mchenga kapena tinyenyeswa ta chitsulo, ankatsuka bokosilo ndi palafini, n'kuthira atsopano mpaka asefukire pa kabowo ka m'mbali. Misewu yathu mukuidziwa, dzinja madzi, chilimwe fumbi, ndiye mafuta sankachedwa kuipa. Akalewo ankangowasiya ayenderere kuseri kwa shedi ya thonje, ndipo pamalopo panada bii, udzu osameranso.

Kenaka kunagwa chilala cha 1922. Mapira anapserera asanafike m'maondo. Azimayi ankakazula nyika, timizu todya ta maluwa a m'madzi, m'dambo, ng'ona zili momwemo, ena osabwerako. Mitambo inkasonkhana masana n'kubalalikanso osadontha. Kwathu kuno masiku amenewo mvula sinkangokana yokha, pankayenera kupezeka woimanga. Maso a anthu anayendayenda mpaka anakaima pa dothi lakuda lija.

A Geresomo anabwera okha, mwaulemu. "Achimwene, anthu akuti mukuwotcha nthaka. Lekani kuthira zinthu zanuzo pansi. Ndinakulandirani ndine, musandichititse manyazi."

A Kaitano anawomba m'manja n'kuvomera. Koma kuleka kusintha mafuta sakanatha. Magiya akanadyana, lole n'kuima, chonsecho kaufa ka phoso ka kuntchito ndiko kankasunga moyo pakhomo pawo. Ndiye anaganiza nzeru, ndipo nzeru imeneyo imandiwawa mpaka lero. Anayamba kukhetsera mafutawo m'miphika. Kukataya mu Shire anaopa asodzi. Kusiya ku shedi anaopa kuti ana agubuduza. Choncho ankavundikira mphika ndi chikopa, n'kumanga ndi luzi zolimba kuti pasadonthe kanthu, n'kukabisa m'nyumba kuseri kwa mphasa. Abale inu, kusalakwa kumapusitsa munthu. Sanaganizeko n'komwe kuti mphika womanga pakamwa, wobisika m'nyumba nthawi ya chilala, umaoneka bwanji kwa munthu wanjala.

Miphikayo anaiona ndi mayi wina wodzapala moto. Dzuwa lisanapendeke miphika yonse inali pabwalo, anthu ataizungulira chapatali. Wina anaswa umodzi ndi mpini, zakuda zija n'kuyamba kuyenderera.

"Si iyi mvula yathu!" anakuwa mayi uja. "Waisunga mpaka yaola!"

"Nkhabe! Ayi!" anatero a Kaitano, Chisena ndi Chimang'anja zikusakanikirana pakamwa. "Ndi mafuta a galimoto awa! A Geresomo, tawauzani, si inu munati ndisathire pansi?"

A Geresomo anali atangoika mdzukulu wawo m'manda. Anayang'ana zala zawo za kumapazi. "Ine za miphika sindinanene."

Mzungu anali ku Chiromo ndi lole yake, ndipo akanakhalapo kaya akanatani. Ndisanamizire anthu, mwabvi anaupempha okha a Kaitano. Boma linali litaletsa, koma kutchire kunalibe boma. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: ukamwa n'kusanza ndiwe woyera, ukakutsalira m'mimba ndiwe mfiti, ufa nawo. Iwo sankakayika. Popita ankayenda patsogolo, akuuza a Evelesi kuti asalire, dzina lawo liyera lero anthu onse akuona. Chikho anamwa chonse osapumira.

Anthu anadikira. Anawayendetsa uku ndi uku monga amachitira. A Kaitano anawerama, manja pa maondo, khosi likukoka, koma chotuluka panalibe. Munthuyo anali atakhala nthawi akusiyira akazi awo phoso lonse, iwo n'kumanama kuti adya kuntchito. M'mimba munali mbee, ndiye mankhwala aja anangolowerera m'thupi. Miyendo itayamba kunjenjemera, a Evelesi anapyola pakati pa anthu n'kuwapisa zala kukhosi.

"Sanzani, bambo! Sanzani pang'ono pokha, anthu aone!"

Amuna awiri anawakoka, amvekere zothandizidwa siziwerengedwa. A Kaitano anagwa cham'mbali, tsaya pa fumbi. Onse anadikira kuti mfitiyo iulule, kapena itemberere wina. Sanatchule a Geresomo, sanatchulenso mvula. Anafunafuna ndi maso mpaka anapeza akazi awo m'manja mwa amuna aja.

"Pepani, mayi," anatero. "Ndayesetsa. Zakanika."