Nkhata ya mwana wa ku Mlowe

"Ukawerenga pepala limenelo mawa, ndikuthyola mkono pamanda pomwepo!"

Amene ankakuwa choncho anali mwana wamwamuna wamkulu wa malemu, mnzanga amene tinakhala desiki imodzi kuyambira sitandade wani. Tinali kuseri kwa nyumba ya siwa, pafupi ndi khola la nkhunda, dzuwa lili paliwombo. Iye anali atangofika kuchokera ku Lilongwe, tayi ili pakhosi, fumbi la msewu wa ku Kazuni lidakali m'tsitsi. Ine ndinali nditamupatsa pepala la mbiri ya bambo ake kuti aone. Analiwerenga mpaka anafika pa mzere wakuti malemu asiya ana asanu, basi moto buu.

"Tilipo anayi," anatero. "Anayi! Masamu unaiwala?"

"Masamu unkakopera kwa ine," ndinamuyankha, uku ndikumulanda pepala langa. "Mulipo asanu, ndipo iwe si woyamba."

Ndisabise, ndine wa mtima wapachala. Mkazi wanga amati ndikapsa mtima makutu amandigwedezeka. Akanapanda kutulukira mkulu wa mpingo, tikanang'ambirana malaya pa maliro a munthu amene anatiphunzitsa tonse awiri kugwira pensulo.

Ntchito yolemba mbiri za anthu omwalira m'katauni kathu sindinaifunsire. Inandipeza zaka zija matipate atangokhazikika, pamene maliro anachuluka moti okumba manda sankabweza makasu kunyumba. Ndinali kalaliki pa esiteti ya fodya cha ku Mwazisi. Ndinafika folomu folo, mawu anga ndi aakulu, ndiponso mkazi wanga ndi wa ku Dedza, kotero Chichewa sichindivuta. Pamaliro athu pamabwera matenanti ambiri ochokera kummwera, ndiye pankafunika munthu wowerenga mbiri m'Chitumbuka kenako n'kubwereza m'Chichewa. Anandikankhira kutsogolo kamodzi, mpaka lero.

Ndawerenga mbiri zambiri. Chaka china tinaika telala wa pakhonde la sitolo, amene ankasoka malaya a zipani zonse pa makina amodzi, n'kumati makina alibe chipani. Pamaliro ake anthu anabwera atavala nsalu zamitundu itatu, msoko uli wa dzanja limodzi, ndipo ndinanena zimenezo pagulu, olira n'kuseka. Tinaika wokhoma zidebe, mwamuna wa mitala, amene akazi ake awiri anakhala mphasa imodzi atagwirana manja, chifukwa anawagawira zonse mofanana mpaka misomali ya padenga. Tinaika mayi wa zitumbuwa wa pa siteji ya matola. Iyeyu sanabereke, koma analera ana amasiye asanu ndi awiri, ndipo ndinawatchula mmodzimmodzi ngati ake, iwo akuimirira. Panalinso tenanti wina wa ku Phalombe amene anafa alibe mbale kuno. Ndinapalasa njinga mpaka ku shedi kumene ankasankhira fodya, kukafunsa anzake kuti anali munthu wotani. Anandiuza kuti ankaimba posankha fodya, ndipo m'thumba la jekete lake tinapeza kalata yokhala ndi mayina a ana ake atatu. Ndinawatchula pamanda ngakhale panalibe woimirira.

Kwathu kuno mwambo wake ndi uwu: mbiri ikatha, yemwe wawerengayo ndiye amaitana anthu oika nkhata zamaluwa, potsata pepala lomwelo. Amayamba wamasiye, kenako ana kuyambira wamkulu. Amene sali papepala saitanidwa. Ndipo anthu saiwala. Papite zaka khumi, mudzamva wina akuti, uja si mwana wa uje, pamaliro sanaike nkhata. Pamanda ndi pamene mudzi umadziwira ana a munthu.

Amene anandiphunzitsa kusasewera ndi pepala limeneli ndi malemu omwewa, ahedi athu akale. Atapuma ntchito, ankabwera kwathu m'mawa mwake mwa maliro alionse, bolopeni yofiira ili m'thumba la malaya. Ankakhala pakhonde n'kuitanitsa mbiri ya dzulo ngati homuweki. Ine bambo wa ana, imvi zayamba, koma ndinkapereka. Tsiku lina anazunguliza mzere wina n'kunena kuti, "Wasiya mwana uja anamwalira ali wakhanda. Anabadwa, anapatsidwa dzina. Iwe ndiwe ndani kuti umufufute?" Ndinakwiya, ndinatsutsa, koma sindinabwerezenso.

Chonsecho iwo eni anali ndi mwana amene sankatchulidwa.

Ali mnyamata, asanapite ku koleji, anakaphunzitsa kunyanja, ku Mlowe. Kumeneko anakwatira mwana wa msodzi, ng'ombe za malowolo zinapita, panabadwa mtsikana. Atapita kukaphunzira ukwati unatha. Pambuyo pake anamanga ukwati wa kutchalitchi ndi namwino wa pachipatala cha mishoni, n'kubereka ana anayi, onse ophunzira: mnzangayu, adokotala, ndi aphunzitsi awiri. Mtsikana uja anatsala kunyanja. Sukulu anailekera panjira, anakula akuyanika usipa pathandala ndi kugulitsa m'mbali mwa msewu waukulu. Akuluakulu onse ankadziwa, koma panalibe wotsegula pakamwa. Mwezi ndi mwezi pa matola pankatsika kathumba ka usipa, ndipo pakhomopo ankangoti ndi nsomba za wachibale wa kunyanja.

Ahedi atafa ziwalo mbali imodzi, wachibale wa kunyanjayo anatseka thandala lake n'kukwera kuno. Miyezi isanu ndi iwiri ankaphika phala, kuchapa mabulangete kumtsinje, ndi kuthandiza mkazi wa ahediwo, mayi okalamba kale, kutembenuza wodwala. Ana a kutauni ankatumiza mankhwala ndi kuimba foni, sindikuwanamizira. Koma manja amene ankanunkha sopo ndi mkodzo anali ake.

Kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire ndinakawaona. Anawakhazika pampando pakhonde, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka movutikira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija, natambasula zala zonse zisanu.

"Uyambire kunyanja," anatero.

Mboni panalibe. Tinali awiriwiri ndi nkhunda.

Ndi zimene ndinauza mnzangayo kuseri kuja, mkulu wa mpingo ataima pakati pathu. Iye anaseka chipongwe.

"Munthu wosatha kuyankhula anakuuza iwe wekha? Tamvera. Mawa kubwera mabwana anga, kubwera abusa anayi. Adada akhala mkulu wa mpingo zaka zonsezi. Ukufuna anthu achoke pano akunong'onezana za ukwati wa kunyanja? Ukufuna amama achite manyazi pagulu, mwamuna wawo ali m'bokosi?"

Pamenepo pokha anandilasa. Za mabwana ake ndinalibe nazo ntchito, koma za mayi aja sindinaganizepo. Anandibaya jakisoni ndili mwana, anabereketsa mkazi wanga ana athu awiri oyamba. Sindinawafunse. Ndipo sindikanatha kuwafunsa, poti anali m'nyumba pambali pa bokosi, atazunguliridwa ndi amayi olira, malo amene mwamuna sangalowe kukakamba nkhani.

Mnzangayo anatulutsa pepala lake m'jekete, lotayipa pa kompyuta, la Chingerezi, lodzaza masatifiketi a bambo ake ndi madigiri a ana anayi. Mkulu wa mpingo analilandira n'kundipatsira.

"Werengani ili, dada," anatero motsitsa mawu. "Maliro safuna phokoso."

Ndinatenga mapepala onse awiri n'kuchokapo.

Ndinatuma mkazi wanga kuti alowe akanong'oneze mayi aja. Anabwerako akupukusa mutu. Akuti anamva, koma anangotsinzina, osati inde, osati ayi.

"Mutu wanuwo udzakuphetsani," mkazi wanga anandiuza. "Maliro ndi a eni ake."

"Mwini wake ali m'bokosi, ndipo anandituma."

"Akakumenyani ine sindikakuthowani."

Dzuwa litapendeka, mwana wa kunyanja uja anandipeza yekha pa mjigo. Tsiku lonse anali kumoto pamodzi ndi amayi ophika, maso ofiira ndi utsi. Anali ataitanitsa kunyanja dengu lathunthu la usipa wa pamaliro, ndipo alendo a kutauni ankamutuma madzi osamba m'manja, poyesa ndi wantchito. Anagwada patali, ngakhale ndi wamkulu kwa ine.

"Ndamva mukukangana chifukwa cha ine," anatero. "Zisiyeni, achimwene. Ndabwera kudzalira, sindinabwere kudzawerengedwa. Adada ankandidziwa, basi zakwana."

"Alongo, dzukani," ndinatero. "Si inu munandituma."

"Nkhata za ana zabwera zinayi, zochokera ku Mzuzu. Mukandiitana ndikaika chiyani? Usipa?"

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Ndinapita kukaona. Zinalidi zinayi, zapulasitiki, zonyezimira, iliyonse ili ndi riboni ya dzina. Mnzangayo anali atamaliza masamu ake asanachoke ku Lilongwe.

M'mawa mwake ndinadzuka nkhuku zikutsika. Ndinatenga pulayala ndi waya wa matayala akale a njinga, n'kupinda mkombero. Kenako ndinalowa m'maluwa a mkazi wanga, aja amawasamala kuposa ine, n'kudula ofiira onse a kumpanda. Minga inanding'amba zala. Mkazi wanga anatuluka, anaima pakhomo atagwira m'chiuno, anayang'ana mpanda wometedwa, anayang'ana chimene ndinkamanga.

"Imeneyo ndi nkhata kapena msampha wa mbewa?" anafunsa.

Koma anakhala pansi, n'kundilanda, n'kumangitsa maluwawo ndi ulusi wake. Inakhalabe yopotoka. Tinaikulunga m'chitenje, iye anainyamula ngati wanyamula mbale ya ndiwo.

Kumanda kunali anthu osayamba. Ophunzira akale a malemu anachokera ku Mwazisi, ku boma, mpaka kunyanja. Magalimoto a ku Lilongwe anandandalika pansi pa mitengo. Abusa atamaliza mbali yawo, anandipatsa chimkuzamawu. Mnzanga uja anali pampando wakutsogolo, maso ali pathumba langa. Ndinatulutsa pepala lake lotayipa, ndinaona mapewa ake akutsika. Ndinawerenga masukulu onse amene bambo ake anaphunzitsako, poti pamenepo analemba bwino ndipo zinali zoona. Nditafika pa ana, ndinalipinda n'kulibweza m'thumba, n'kutulutsa langa.

"Malemu asiya ana asanu," ndinatero, m'Chitumbuka kenako m'Chichewa, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. "Woyamba ndi wamkazi, anabadwira ku Mlowe. Ng'ombe za mayi ake zinaperekedwa. Ndi amene wadwazika bambo ake miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndiwo zimene mwadya dzulo ndi zake."

Ndinamva mpando ukugwa. Mnzangayo anali ataimirira, akubwera, nkhope itatupa. Ndinasamutsira chimkuzamawu kumanzere kuti dzanja lamanja likhale lomasuka. Ndikuvomera, ndinali wokonzeka kumulandira, abusa anayi akuona.

"Khala pasi!"

Anali mayi aja. Anali pamphasa pakati pa amayi a mpingo, duku lakuda kumutu, ndipo mawu amene anatulutsa anali aja ankatontholetsa nawo wodi yonse. Mwana wawo anaima ngati wagunda khoma.

"Khala pansi, iwe," anabwereza. "Ndinalowa m'banja ili ndikudziwa kuti mwana alipo. Ndasunga pakamwa zaka zonsezi poopa anthu, ndatopa. Pamene bambo ako ankadziipitsira, amene ankandigwirira miyendo ndi ndani? Unali iwe?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Lutirirani, dada, pitirizani. Mwawerenga bwino."

Kumbuyo, kumene kunakhala anthu a kunyanja, mayi wina analephera kudzigwira, nthungululu inamupulumuka. Pamaliro! Anzake anamugwira pakamwa, koma ena anali atayankha kale. Mkulu wa mpingo uja anayang'ana nsapato zake. Mmodzi wa abusa, wokalamba kwambiri, anagwedeza mutu n'kunena momveka kuti, "Yewo, amama." Mnzangayo anadzutsa mpando wake yekha n'kukhala.

Ndinamaliza mbiri yonse osathamanga, zidzukulu za kutauni ndi za kunyanja pamodzi. Kenako ndinaitana wamasiye. Anamudzutsa amayi awiri, anaika nkhata yake, koma sanabwerere pamphasa. Anaima pomwepo pamutu pa manda akudikira.

Ndinaitana mwana woyamba, dzina lake ndi la bambo ake, mokweza mpaka chimkuzamawu chinalira. Anachokera kumbuyo kwenikweni, kumene kunaima ophika, chitenje chili ndi phulusa, anthu akumupatukira. Atafika kutsogolo anatambasula manja opanda kanthu, akundiyang'ana. Mkazi wanga anamasula chitenje chija. Ndinatenga nkhata yanga yopotoka, ya waya wa njinga, n'kumupatsa ndi manja awiri. Mayi aja anamugwira pamkono, ndipo anawerama limodzi poiika.

Ndinadikira mpaka ataweramuka. Kenako ndinayang'ana mnzanga wa desiki imodzi uja m'maso, n'kuitana mwana wachiwiri.