Chivundikiro cha bokosi la zipolopolo

Mfuti imene ndinkagwira inali ya mipope iwiri. Pamwamba pake panali mawu amodzi: Birmingham. Ndinkayesa ndi dzina la mwini wake woyamba.

Inali ya esiteti ya nzimbe kuchigwa cha Shire, kumene ntchito yathu inali yothana ndi nyama zoononga mbewu. Achimwene anga aakulu ankatsata mapazi, ine ndinkawombera. Tsiku lina njati yovulala inalowa m'mabango. Zipolopolo zathu zamasiku onse zinali zitatha. M'kabati ndinapeza bokosi lina. Ndinayesa chimodzi mumpope, chinalowa bwinobwino. Ndinati basi, chalowa ndiye kuti ndi chake.

Njati inatulukira pafupi. Chipolopolo choyamba chinailasa paphewa, koma sinagwe. Chachiwiri ndinalozetsa pakati pa maso. Chinapita pambali. Achimwene anali kutsogolo, njati inawagunda. Anamwalira tisanafike nawo pamsewu.

Anthu anati dzanja langa linanjenjemera. Alamu, akazi a malemuwo, anasiyira pomwepo kundipatsa moni wapadzanja. Inenso ndinakhulupirira za dzanjazo. Mfuti ndinabweza. Chivundikiro cha bokosi lija ndinasunga, sindidziwa chifukwa chake.

Tsopano ndimakhala ku Bilston, ku Mangalande, kwa mwana wanga wamkazi, nesi pachipatala ku Wolverhampton. Ntchito yanga ndi kuperekeza adzukulu kusukulu. Tsiku lina thiramu, sitima yoyenda mumsewu, inadutsa, kutsogolo kwake kuli mawu aja a pamfuti: linali dzina la mzinda. Ndinaima mpaka inapita. Madzulo ndinamuuza mwana wanga kuti andipezere anthu okonza mfuti mumzindawo. Anati zakale ndizisiye. Ndinati ndikufuna kudziwa chimodzi chokha ndisanafe: linali dzanja kapena ayi.

Tinapita tsiku limene anali pa ofu. Shopu inali yaing'ono, yonunkha mafuta. Tinapeza mzungu wachikulire wovala epuloni. Ndinamupatsa chivundikiro, nkumulembera nambala ya pampope, imene sindinaiwale. Anawerenga pang'onopang'ono. Kenako anatenga mapensulo awiri nkuwagoneka pamodzi patebulo.

Iye ankayankhula, mwana wanga nkumamasulira. Akuti mipope ya mfuti zoterezi amailumikiza pamanja. Amawombera, kukonza, kuwomberanso, mpaka yonse iwiri izimenya malo amodzi. Koma amayesera ndi chipolopolo cha kulemera kumodzi kokha. Ukaika china, chimalowa ndithu, chimaliranso chimodzimodzi, koma mpope uliwonse umaponya kwake. Apa anatalikitsa nsonga za mapensulo aja. Za m'bokosi langa zinali zopepuka, zofewa kumutu, zophera agwape. Njati imafuna cholemera ndi cholimba.

Mwana wanga anandigwira mkono.

"Mwamva, adadi? Akuti silinali dzanja lanu."

Mzunguyo anafunsa funso lina. Mwana wanga sanamasulire. Koma Chingerezi cha Sitandade 6 chinandikwanira.

"Wafunsa kuti anasankha zipolopolozi ndani," ndinatero. "Muuze."

"Adadi, tiyeni tizipita. Ana aweruka posachedwa."

"Muuze kuti ndine."

Sanamuuze. Ndinadziloza pachifuwa. Mkulu uja anavula magalasi, nati anthu ambiri sadziwa zimenezi, ngakhale amene anagula mfutizo ndi ndalama zawo. Ndinathokoza, nkutenga chivundikiro changa.

M'thiramu mwana wanga anati awaimbira alamu anga aja kumudzi, awauze kuti bambo ake alibe mlandu. Ndinati ayi, ndiimba ndekha.

Ndinaimba Lamlungu titabwera kutchalitchi. Alamu tsopano ndi okalamba, amamva movutikira, moti ndinachita kukweza mawu m'khitchini. Ndinawauza zonse. Dzanja silinanjenjemere. Koma bokosi ndinatsegula ndine, osafunsa munthu.

Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwawo. Kenako anayankhula.

"Malemu ankati inu simuphonya, alamu. Nchifukwa chake ankayenda kutsogolo."