Mayi Beseni ndi makina olondera mayeso

Dzina loti Mayi Beseni sanabadwe nalo, analitola tsiku loyamba kuphunzitsa pa foni. Sukulu yawo, ya akuluakulu obwereza mayeso ali ndi ana kale, itangolamula kuti maphunziro aziyenda pa intaneti, mayiwa anadzola bwinobwino, kuvala ndolo, n'kukhala pampando mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, poti miyendo imawatupa. Anaphunzitsa masamu mpaka thukuta kamukamu. Chimene sanadziwe n'chakuti kamera yoyaka inali yakumbuyo. Kalasi yonse inaphunzira kugawa manambala ikuonerera zala zakumapazi zikusambira, ndipo panalibe wotsokomola. Pamapeto mlonda wina wa m'kalasimo anangofunsa mwaulemu kuti, “Madamu, madziwo sanazizire?”

Wina akanaiponya kudzala foniyo. Iwo anangoikwiyira masiku angapo, kenako anaikonda moti amuna awo ankauza alendo kuti, “M'nyumba muno amuna tilimo awiri. Wamkulu ndi uyo amadya magetsiyo.”

Chimene anaikondera chinali chomveka. Zaka zonse za choko ankaphunzitsa mabenchi, eni ake ali kuntchito kapena kuchipatala ndi mwana. Tsopano ankajambula mawu n'kutumiza, aliyense n'kumvera nthawi yake. Mlonda uja ankamvera pageti. Wosoka nsapato ankapachika foni pamsomali. Koma wapamtima pawo anali Make Mapasa, woluka tsitsi pakhonde la golosale, amene ankaloweza masamu manja ali m'mutu mwa kasitomala. Mtsikanayu ankafuna setifiketi kuti akaphunzire za unamwino, ndipo mutu wake unali wakuthwa.

Zinavuta pa mayeso. Sukulu inabweretsa pulogalamu yolondera olemba kudzera pa kamera. Ikaona nkhope yachiwiri kapena kumva mawu a munthu wina pafupi, inkatseka mayeso n'kulemba kuti wabera. Ndiye Make Mapasa amakhala m'chipinda chimodzi ndi amuna ake, mapasawo, ndi apongozi ake odwala amene sadzuka pamphasa. Tsiku la mayeso, bambo ndi ana anawathamangitsa m'mawa. Koma ali pakati polemba, mawu ofooka anamveka kuseri kwa katani: “Mpongozi, timadzi.”

Basi. Zilembo zofiira pa foni: wabera.

Mayi Beseni atamva, sanasinthe n'komwe masilipasi. Analowa mu ofesi ya a Hedi osagogoda.

“A Hedi, makina anuwa anakulira m'nyumba ya zipinda zingati?”

“Khalani pansi kaye, Madamu.”

“Sindikhala! Munaima pamaso pathu inuyo, tayi ili pakhosi, n'kunena kuti aliyense azilembera kumene ali. Kumene ali mwanayu n'kumeneko! Mumafuna apongozi ake awapinde n'kuwaika m'sutikesi?”

“Si ine, Madamu. Ndi sisitimu.”

“Iitaneni sisitimuyo ibwere. Ndikufuna ndiifunse ngati ili ndi apongozi.”

A Hedi ndi munthu woopa phokoso ngati mmene mphaka amaopera madzi. Anaonera limodzi kanema wa mayesowo: mtsikana akudzuka, kutunga madzi m'ndowa, kugwada kuseri kwa katani, kubwerera n'kupeza zatsekedwa. A Hedi anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

“Alembenso, koma komaliza. Kampani ya pulogalamuyi siilola kachitatu. Ikamugwiranso, dzina lake lichoka m'kalasi, ndipo ine sindidzatha kuchitapo kanthu. Mupezereni chipinda chopanda munthu.”

“Chipinda chopanda munthu,” anabwereza Mayi Beseni akutuluka. “Ngati tikusunga maliro.”

Anasankha nyumba yawo yomwe, ya pakati pa mdadada wa nyumba za lendi. Tsikulo amuna awo anapatsidwa nyuzipepala yakale n'kuuzidwa kuti akaiwerengere kutali. Chithunzi chaukwati chinatsitsidwa pakhoma, kuopa kuti makina angati mkwati akunong'oneza mayankho. Kalendala ya mwana womwetulira inatembenuzidwa. Wotchi inalowa m'kabati. Make Mapasa anakhazikidwa patebulo, foni itatsamira botolo la shuga.

“Usatsokomole, usayang'ane kumbali. Mphuno ikayabwa, ipirire.”

“Chabwino, Madamu.”

Kenako mayiwa anayenda khomo ndi khomo. Kalipentala anaika hamala pansi. Ana anatumizidwa kubwalo la mpira. Mayi a khomo loyandikana, amene wailesi yawo siinazimepo chilowereni m'nyumbamo, anaizimitsa akung'ung'udza, n'kukhala pakhonde ndi lichero la nyemba zosankha. Mdadada wonse unati zii, moti ntchentche inkamveka.

Mayi Beseni anaima pansi pa windo, manja m'chiuno, ngati msilikali. Mtima unkawira. Ankaganiza za munthu amene anapanga makinawo, kaya ali kuti, ali m'nyumba yoti chipinda china amangosungiramo nsapato. Ankaganiza za tayi ya a Hedi. Ankaganiza za mwana wa eni ake amene walembedwa kuti wakuba chifukwa chomwetsa madzi wodwala. Akaganiza, mpweya unkatulukira m'mphuno.

Nthawi itapita ndithu, kumapeto kwa msewu kunatulukira bambo wogula zitsulo zakutha, akukankha wilibala. Anali kutali, ndipo mawu ake anali otha ngati katundu wake. “Zitsulo, mapoto obooka…”

Apo ndiye mkwiyo wonse unapeza potulukira.

“Inu bambo inu! Tsekani pakamwa! Simukuona kuti pano pali mayeso? Mwana akulemba muno, tsogolo lake lili pa ulusi, inu mukubwera ndi mapoto anu obookawo? Tabwererani komweko! Anthu tathamangitsa amuna athu, tatsitsa zithunzi, tazimitsa mawailesi chifukwa cha makina opanda apongozi, ndiye inu…”

Chitseko chinalira kumbuyo kwawo.

Make Mapasa anaima pakhomo, foni ili m'manja. Sanalire. Anangoitembenuza kuti aphunzitsi ake aone okha zilembo zofiirazo.

“Ndinali kumapeto, Madamu,” anatero motsitsa. “Zonse ndimazidziwa.”

Wa zitsulo uja anali atakhota kale. Mayi Beseni anayang'ana foni, anayang'ana windo limene anaima pansi pake, n'kuyang'ananso msewu wopanda munthu.

“Ndi bambo uja. Mwamumva nonse. Ndikupita kwa a Hedi pompano, ndikawauze kuti ndi bambo wa wilibala uja…”

Kalipentala anayamba kufunafuna msomali pansi. Mayi a khomo loyandikana anapeta nyemba zawo kamodzi, n'kuuzira, osakweza mutu.

“Aphunzitsi, wa wilibala tangom'mva patalipatali. Ifenso tinali chete ngati m'manda. Chamulepheretsa mwanayu ndi pakamwa panupo.”