Mdani wa Atelala Amakhala M'buku

Atelala a pakhonde la sitolo ku Limbe sakangana ndi munthu za ndale za Chitaganya. Mdani wawo ndi mmodzi yekha, ndipo amakhala m'buku.

Lamulungu lililonse masana a Gracian, kalaliki woyandikana nawo nyumba ku Manja, amawerengera anthu chibuku cha Chingelezi cha mafumu ndi amatsenga, uku akumasulira m'Chinyanja. M'bukumo muli mwana wa mfumu wa lupanga loyaka moto, amene a Vailet, akazi a atelalawo, amamutama mpaka kuwomba m'manja. Zimenezi atelala zimawadyera mumtima.

"Mphamvu zili m'lupangamo," amatero atakwinya nkhope. "Mulandeni, muone ngati sathawa galu. Komanso mankhwala ali ndi malire ake. Sadzutsa wakufa."

Tsiku lina atelala anawakokera pambali a Gracian. "Achimwene, wodziwa Chingelezi pano ndinu nokha. Tamuphani ameneyu. Mukatero ndikusokerani jekete laulere."

Lamulungu lotsatira, pomasulira, a Gracian anamuphadi mwana wa mfumuyo, pamlatho, ndi muvi wa kumsana.

A Vailet sanalire mokweza. Anangomanga duku lakuda, ndipo sabata yonse nyimbo inali imodzi: "Amuna enieni sakhalitsa. Otsala ndi awa."

Atelala anapirira mpaka Loweruka. Kenako anakagogoda kwa a Gracian, chipewa chili m'manja.

"Mudzutseni."

"Si inu munati mankhwala sadzutsa wakufa?"

"Ndinatero, inde. Koma ali moyo ndinkamupezako zifukwa. Chimwalirireni wasanduka woyera mtima, ndipo wasamukira m'nyumba mwanga."