Mapazi m'Chigafa

Ndikamva fungo la fodya wouma, ndimakumbukira chigafa cha aNaphiri ndi aNabanda ku Chulu. Amayi awiriwa ankakhala nyumba imodzi, popanda mwamuna. Lamulungu masana alendo ankalowa m'chigafamo mmodzimmodzi, njinga atabisa patchire. Pansi pa masamba olendewera ife ana tinkangoona mapazi okhaokha.

"Ndi mfiti zimenezo," amayi anga ankatero, ine n'kukhulupirira.

ANaphiri atamwalira, adzukulu anakana kukumba manda. Mpingo nawo unangoti zii, chonsecho malemuwo anali ndi khadi la mpingo, lomwe aNabanda anadzandipatsa ndipo ndikulisunga mpaka lero. Kenaka alendo aja anatulukira ndi makasu.

"Abwera kudzadya mtembo," ndinanong'oneza mnzanga.

ANabanda anamva. "Adzaika m'bale wawo, mwanawe."

Lero ndakalamba ndi mwamuna mnzanga m'nyumba imodzi, ndipo odzatikumbira manda tinawapeza kale.