Njovu Sizinali M'pepala

Ku Lusaka ndinagwira zaka zambiri ntchito yolangiza anthu a chuma za komwe angaike ndalama zawo kuti zibale. Ankabwera ku ofesi atavala mataye, ine n'kuwapatsa tiyi, n'kuwafotokozera zinthu zimene ambiri a iwo ankazidziwa kale. Kwenikweni ankangofuna munthu woti adzamuloze chala zinthu zikadzavuta. Zitandikwana, ndinamva kuti kampani ina ya inshuwaransi ikufuna munthu woiimira ku Mambwe, ndipo ndinavomera. Anzanga anaseka mpaka misozi, akuti kuchigwa ndikapsa ndi dzuwa sabata isanathe. Ndinawayankha mokalipa, paja ine mtima wanga ndi wapachala, n'kulongedza katundu.

Ofesi yanga inali chipinda chimodzi pa boma, pafupi ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza. Ine kwathu ndi kumtunda, ku Katete, ndiye Chikunda, chilankhulo cha kuchigwako, ndinkangotola apa ndi apo, ndipo anthu ankandilankhula Chinyanja pondichitira chifundo. Miyezi yoyamba ankabwera ndi aphunzitsi, manesi, ndi eni magalimoto onyamula alendo okaona nyama. Ankafuna inshuwaransi ya galimoto kapena ya maliro. Mapepala amenewo ndinkawadziwa pamtima.

Dzinja lisanayambe, kampani inatumiza inshuwaransi yatsopano ya mbewu. Anali masamba asanu ndi limodzi a Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinawerenga tsamba loyamba: chilala, madzi osefukira, matalala, moto. Ndinati basi, zachidziwikire izi, n'kuponya mu drowa. Inetu ndi yemwe uja ndinkakalipira mabwana ku Lusaka kuti munthu sasaina chinthu asanawerenge.

Ndinapita ku Nsefu pa njinga yamoto kukalankhula ndi alimi a kopareti pansi pa mtengo. Ambiri ankangomvera, maso ali kwina. Nditamaliza, anandiyandikira bambo wina wachikulire, akuyenda motsimphina. Anandiuza kuti anagwirapo ntchito yonyamula zikwama za alendo pa loji ina ku Chinzombo, mpaka chiuno chinakana. Tsopano ankalima chimanga ndi akazi awo, awiriwiri. Ana awo onse anali ku Migodi.

Kumeneko kulima ndi theka chabe la ntchito. Chimanga chikayamba kukhwima, banja limasamukira kumunda. Amamanga nsanja yaitali, amagona pamwamba pake, amasonkha moto, amatentha tsabola wosakaniza ndi ndowe, ndipo njovu zikamveka amamenya zitini n'kukuwa mpaka zitabwerera. Amatero masabata angapo, kufikira atakolola. Izi ine ndinkazimva monga munthu amamvera nkhani ya kwa eni ake. Bamboyo anandiuza kuti kukwera nsanja ndi chiuno chimenecho chinali chilango, ndipo chaka chatha anagwapo kawiri.

"Ndiye abwana," anatero, "pepala lanuli, njovu zilimo?"

Inali itadutsa fifitini awazi, 3 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kumbuyo kwawo kunali anthu anayi okha amene ankaoneka kuti angalembetse. Sindinafune kuoneka mbuli pamaso pawo.

"Zonse zilimo, atate," ndinatero.

"Njovunso?"

"Ndati zonse."

Anasaina pa mpando wa njinga yanga yamoto. Anayi aja anati akaganize kaye, ndipo sanabwerenso.

Chimanga chinachita bwino chaka chimenecho. Mwezi wa Epulo uli kumayambiriro, foni inalira mmawa. Anali akazi a bambo wachikulire uja. Anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti njovu zadutsa m'munda usiku, ndibwere ndidzaone. Mawu awo analibe mantha. Ankalankhula ngati munthu woitana mmisiri kuti adzakonze chitseko.

Ndinapita tsiku lomwelo. Mundawo unali utagona pansi wonse, mapesi otafunidwa ali mbwee, mapazi akuluakulu m'dothi lonyowa. Munda woyandikana nawo unali chiimire, chifukwa eni ake anali pa nsanja ndi zitini zawo. M'munda wa bamboyo munalibe nsanja. Sanaimange chaka chimenecho. Ndinajambula zithunzi, ndinayeza munda, n'kuwauza kuti asade nkhawa, chipukuta misozi chibwera. Anandiperekeza mpaka pamsewu, akundithokoza.

Patapita masiku anayi, anandiimbira mayi wina wa ku likulu la kampani. Anati pempho la chipukuta misozi limene ndinatumiza lakanidwa.

Aa! Ndinalusa. Ndinawauza kuti anthu a ku Lusaka amakhala m'maofesi ozizira, sadziwa n'komwe kuti chimanga chimamera pansi kapena mumtengo. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenaka anati, "Bambo, tsegulani tsamba lachinayi."

Ndinatsegula drowa. Zinalembedwa poyera, sanabise n'komwe: mbewu zowonongedwa ndi nyama zakutchire kampani silipira. Ndinawerenga katatu. Ndinachita manyazi oti ngakhale ndinali ndekha m'chipindamo, ndinatseka chitseko.

Ndinalemba kalata yodandaula, n'kuvomeramo kuti wolakwa ndine, mlimiyo anafunsa ndipo ine ndinamuyankha zabodza. Anandiyankha mwaulemu kuti chimene chimagwira ntchito ndi chimene munthu anasaina. Sindinawapeze chifukwa. Inenso ndinayankhapo anthu chimodzimodzi kwa zaka zambiri, tiyi ali patebulo. Ganizo lina linandibwerera, loti ndilembenso pempho n'kunena kuti munda unakokoloka ndi madzi, poti uli kufupi ndi mtsinje. Koma zithunzi za mapazi a njovu ndinali nditatumiza kale ndi manja angawa.

Ndinazengereza sabata yathunthu. Tsiku lililonse ndinkapeza chochita: kusesa, kukonza tayala, kukaona mphunzitsi wina ku Malama amene sanandiitane n'komwe. A banja lija akandiimbira, foni ndinkangoiyang'ana mpaka itasiya kulira. Lolemba linalo ndinadzikalipira ndekha, n'kuliza njinga.

Bambo uja ndinawapeza pakhomo masana, akusenda nthochi yaiwisi. Pambali pa nyumba panali nkhokwe yatsopano, yaikulu, udzu wake usanade n'komwe.

"Mwaswera bwanji, abwana?"

"Ndaswera, kaya inu atate?"

Amayi anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pamphasa. Sindinazungulire. Ndinawauza kuti kampani yakana, ndipo sidzalipira chilichonse, chifukwa njovu sizili m'pepala.

Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepalalo, lili m'pulasitiki, loyera ngati tsiku lomwe ndinawapatsa. Bamboyo Chingerezi ankachilankhula bwino, anachiphunzira kwa alendo, koma kuwerenga ankavutika. Anandipatsa pepalalo.

"Tiwerengereni pamene pakunena zimenezo."

Ndinawerenga m'Chingerezi, kenaka ndinamasulira. Bamboyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinayamba kunena zoti ndibweza zimene analipira, ndiponso ndiona chimene ndingachite pa nkhani ya ufa. Amayi ankayang'ana kunkhokwe.

"Tsiku lija pansi pa mtengo," anatero bamboyo, "munkadziwa?"

"Sindinkadziwa, atate."

"Munali musanawerenge?"

"Ndinali ndisanawerenge."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo kunena zoona ndinkafuna akalipe, chifukwa mkangano ndimaudziwa poyambira ndi pothera. Iwo anangopukuta mpeni pa buluku, n'kuuika pansi.

"Kusadziwa si mlandu, abwana," anatero. "Inenso pa loji mlendo akandifunsa dzina la mbalame, ndinkati sindikudziwa, ndikafunse. Mukanangonena kuti simukudziwa, ine nsanja ndikanamanga. Ndikanakwera, ngakhale chokwawa."