Mphete yopanda galasi ndi nkhope ya apongozi

Lente ndinaiyeza kumutu m'malo moiyeza kumatako. Ndiyambire pamenepo, chifukwa alamu anga sanaiwale, ndipo ine sandilola kuiwala.

Lenteyo, diso lagalasi la makina ojambulira, inali ya malemu apongozi anga aamuna, amene kale ankapalasa njinga kuchokera kuno ku Mualadzi mpaka ku Chifunde, akujambula anthu mafoto. Makina awo a rolo ya filimu anafa kalekale, koma lente inatsala yamoyo, yachitsulo, yolemera ngati mwala wa kumtsinje. Ine ndinali ndi makina amakono a bateriya, amene mng'ono wanga wa ku Tete anandipatsa lente yake itasweka. Uku diso lopanda mutu, uku mutu wopanda diso. Ndinali nditawerenga pa telefoni kuti kuli kamphete kachitsulo kolumikiza ziwirizi, kamene ogulitsa amati adaputadore. Ndinatenga ulusi, ndinauzunguliza kukamwa kwa lente, kutsogolo kumene kumaloza munthu, n'kutumiza muyezowo kwa mwini loja, wasitolo wina ku Tete. Patatha masabata awiri wamota, munthu wa njinga yamoto, anandibweretsera kamphete kopyapyala kolowa bwinobwino kutsogolo, kumene sikunkasowa kanthu. Kumbuyo, kokumana ndi makina, sindinakuyang'ane n'komwe.

Lente ankasunga ndi alamu, achimwene a mkazi wanga. Anatenga kamphete kaja, anasuzumiramo, kenaka anakaponya pansi. Kanagubuduzika mpaka kukhola la mbuzi.

"Alamu," anatero, "kwanu kuja buluku amavalira kumutu?"

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Khasu ndimagwira ngati wina aliyense, koma chimene anthu amaona ndi buku limene ndimapita nalo kumunda. Shikola ndinalekezera panjira, zotsalazo ndinatola ndekha m'mabuku othothoka zikuto. Alamu amanditcha aprofesori a nkhuku, poti ati nkhuku zokha ndizo zimandimvetsera. Nthawi zina ndimavomereza, ngakhale nkhukuzo zimachokapo ndisanamalize.

Zonsezi sindinaziyambe chifukwa chofuna kutchuka. Apongozi aakazi ndiwo anapempha. Sanapemphe ine pamaso, ayi. Ine ndi iwo timathawana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'udzu, pakhomo pawo malire anga ndi nkhokwe, ndipo mawu athu amadzera mwa mkazi wanga. Iye ndiye anandiuza tsiku lina tikutonola chimanga.

"Amayi akuti bambo anajambula dziko lonse, akwati, makwaya, ngakhale ng'ombe za anthu, koma iwo sanawajambulepo. Ankangoti mawa, rolo yatha. Akuti akufuna foto imodzi yotuluka m'diso lomwelo la amuna awo, lisanachoke."

Linali lochokadi. Tsiku logawa katundu wa malemu linali litaikidwa kale, Loweruka lina pambuyo pokolola, ndipo lente inali yopita kwa mwana wa mlongo wa malemuwo wa ku Nsadzo. Ikakwera njinga yopita kumeneko, basi, apongozi foto yawo aiwale.

Ulendo wachiwiri ndinachenjera, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinajambula pa telefoni kumbuyo kwa lente, kumene kuli mazinga ngati a chivindikiro cha botolo, ndinajambulanso kukamwa kwa makina, kumene kuli timano tokolera ukapotoza pang'ono. Nditamutumizira mafotowo, mwini loja anandiimbira.

"Zilipo ziwiri, bambo. Ina ili ndi kagalasi m'kati, ina ndi mphete chabe, yapululu. Pa makina anuwo tengani yagalasi."

Apa ndi pamene kuwerenga kunandipweteka. Ndinali nditaona penapake kuti kagalasi ka m'mphete kamadetsa foto, kamachotsa ukali wa lente yabwino. Mzere umenewo ndinauloweza. Mzere wotsatira sindinauwerenge, mwina netiweki inathawa, mwina ndinathawa ndine. Ndinamuphunzitsa munthuyo ntchito yake kwa nthawi ndithu, mawu akuluakulu ndikuwatchula mokhota.

"Mwatha?" anafunsa. "Chabwino. Mwasankha nokha. Musadzandiimbire."

Mphete inafika Lachisanu masana. Alamu anabweretsa lente atakulunga m'kansalu, ndipo anaima pamutu panga manja ali m'chiuno.

"Mukapotola mazinga amenewo, mukalongosola nokha kwa eni ake mawa. Ine sindikuikirani kumbuyo."

Ndinapotoza lente m'mphete, mphete m'makina. Inalira kuti kete. Ndinaloza chala changa chakuphazi, ndinazunguza lente pang'onopang'ono ndi dzanja, poti ya kale siidziwa kudzifunira yokha. Chala chinatuluka ndi ming'alu yake yonse. Ndinaloza zilembo za m'buku langa, zinaoneka ngati zosema. Ndinaloza chitsononkho. Mtima unadzaza. Kukweza makina kuti ndiloze mtengo wa mango uli apo, kapena khola, nzeru imeneyo sinandifikire. Alamu anamasula lente yawo n'kumapita.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo. Makasu a malemu, njinga, jekete ndi wailesi zinali pa mphasa ina, zikudikira eni ake atsopano. Apongozi anakhala pa mphasa yawo pakhomo, atavala chitenje chatsopano ndi duku lobiriwira, manja ali pamaondo. Ine ndinaima pankhokwe, pamalire anga a masiku onse, n'kuika diso m'makina.

Nkhungu yokhayokha. Ndinazunguza lente kumanja mpaka inakana. Nkhungu. Kumanzere mpaka inakana. Nkhungu yoposa. Pamenepo ndi pamene mzere uja sindinauwerenge unadziwerenga wokha m'mutu mwanga: mphete yapululu imakankhira lente kutali pang'ono ndi makina, ndipo lente yokankhidwa imangoona zapafupi. Kagalasi ndinakakana kaja ntchito yake inali yobwezera maso akutali.

"Aprofesori, tidikire mvula?" anafuula alamu. Anthu ena anaseka.

"Ine ulendo wanga ndi wautali," anatero mlendo wa ku Nsadzo. "Ngati chinthucho chakanika, ndipatseni zanga."

"Chakanika si chinthucho," anayankha alamu. "Bambo ankajambula nacho gulu lonse la mpingo ataima kutsidya kwa msewu. Wakanika ndi munthu. Mlongo wanga anatola wowerenga, ife tinkafuna wolima."

Mkazi wanga anayang'ana pansi. Ine sindinachotse diso m'makina, chifukwa kunja kwake kunali nkhope za anthu. Ndinaponda phazi limodzi kutsogolo. Nkhungu inachepa pang'ono. Ndinapondanso. Kubiriwira kwa duku kunayamba kusiyana ndi khoma. Amene sanaikepo diso m'makina sangamvetse: mmenemo mulibe pansi, mulibe nkhokwe, mulibe malire. Muli chinthu chimodzi chimene chikufuna kuoneka, ndipo miyendo imachitsata yokha. Ndinapitirira. Mphuno inatuluka. Ndinawerama, ndinagwada, ndinasendera. Kenaka maso awiri anatulukira mwadzidzidzi, akuthwa, onyowa pang'ono, akundiyang'ana ine. Ndinadina.

Nditadina ndi pamene ndinamva kuti bwalo lonse lili zii.

Ndinatsitsa makina. Bondo langa linali pa mphasa ya apongozi. Ndikanatambasula dzanja ndikanawakhudza phewa. Iwo anakoka chitenje n'kuphimba nkhope, amayi ena anagwira pakamwa, wina anati, "Kalanga ine, mkamwini!"

Alamu anandigwira kolala n'kundikokera chagada mpaka ndinakhala pansi m'fumbi.

"Galu iwe! Pa mphasa ya amayi anga? Pamaso pa abale a bambo? Ndi zimene amalemba m'mabuku akozo?"

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Anandilanda makina, anapotokola lente mwankhanza mpaka mphete inalira, anaipereka kwa mlendo uja, makina n'kundiponyera pamiyendo.

"Ndimafuna ioneke bwino," ndinatero. Mawu opusa.

"Ioneke bwino! Waonetsa ife tonse. Longedza mabuku ako, ubwerere kwanu."

Amalume a mkazi wanga ndiwo analetsa kuti zisafike pamenepo. Anati mlandu ulipo, koma si wothamangitsira munthu amene ali ndi ana pamudzi. Anagamula tambala. Ndinakagwira tambala wanga wofiira, yekhayo amene ankalira pakhomo panga, ndinamupereka kudzera mwa mkazi wanga, ine nditaima kuseri kwa nkhokwe kumene ndinayenera kukhala poyamba. Mkazi wanga sanandilankhule masiku atatu. Tsiku lachinayi anangoti, "Ukanandipatsa ine makinawo, ndikanasendera ndine." Nzeru imeneyonso m'mabuku anga munalibe.

Foto ndinakatsukitsa ku Chifunde sabata yotsatira. Munalibe chitenje chatsopano, munalibe manja, khomo la nyumba linangosanduka utsi. Munali nkhope yokha, kuyambira pa duku mpaka pachibwano. Makutu anali osaoneka bwino, koma maso ndi makwinya ozungulira maso anatuluka onse, pamodzi ndi kachipsera kakang'ono pansi pa diso lamanzere. Zaka zonsezi ndakhala pamudzi pano, nkhope ya apongozi anga ndinaiona koyamba tsiku limenelo, papepala, nditakhala pa benchi ya pamsika.

Mkazi wanga anakaipereka kwa apongozi. Akuti anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaikulunga m'kansalu kaja munkakhala lente. Kwa ine sikunabwere mawu aliwonse, abwino kapena oipa. Alamu mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali n'kulavula. Mphete ziwiri zija zili pawindo, ndipo makina abwerera kukhala mutu wopanda diso.

Tsiku lina m'mawa ndikunola khasu, anabwera aneba a kuseri kwathu, mkamwini mnzanga, wamkulu kwa ine, amene pa Loweruka lija anaseka nawo mokweza. Anatola mphete yachiwiri ija pawindo, anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye kameneka ndi kamene kanadya tambala?"

Ndinavomera.

"Foto ndaiona," anatero. "Amayiwo akuonetsa aliyense wolowa m'nyumba, koma akamva alamu anu akubwera amaibisa. Tsono vuto mwatiikira ife. Apongozi anga nawo ayamba kufuna yawo." Anabwezera mphete pawindo n'kupukuta zala pa malaya. "Mukadzapeza lente ina, mugule mphete yagalasiyo, aprofesori, ndipo mudzaime kumsewu. Ine tambala ndili naye mmodzi."